Thadzi la Amayi pa Thabwa la Aphunzitsi

Ndikakumbukira nyengo yozizira ya chaka chimenecho, chimene chimayamba kubwera m'maso ndi lezala. Linali lezala wamba lometera ndevu, lothyoledwa pakati n'kumangidwa ndi ulusi wakuda ku kamtengo ka nsungwi. Aphunzitsi athu a sayansi ya zamoyo ankasunga malezala oterowo m'chitini cha mkaka waufa, ndipo pachitinipo analemba ndi choko kuti munthu asakhudze. Mipeni yeniyeni yotsegulira nyama inali itatha kalekale, ina inachita dzimbiri, ina anaiba. Lero ndine namwino, ndipo ndagwira mipeni yonyezimira yambirimbiri, koma palibe umene ndinauopa ndi kuulakalaka ngati lezala lija.

Tinkakhala ku Kanyama, komboni ya mumzinda waukulu, m'chipinda chimodzi chokhala ndi kakhonde, ine, amayi ndi amalume. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzakhala nafe fakitale imene ankagwirako ntchito itatsekedwa. M'mawa uliwonse ankavala malaya awo abwino n'kupita kukaima pa zipata za makampani, ndipo madzulo ankabwera ndi fumbi lokha. Amayi ankaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, n'kumadikira omanga nyumba, amene zaka zimenezo anali osowa. Inali nthawi ya mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. Munthu ukaona mzere unkayamba waima, kenako n'kufunsa chimene akugulitsa kutsogoloko.

Chuma chathu chinali thadzi limodzi lamawangamawanga limene linkagona m'dengu kuseri kwa chitseko. Dzira lake ndilo linkatipezera mchere, machesi ndi kachidutswa ka sopo kwa mayi wa kantini. Ife sitinkadya mazirawo.

Ndinali mu Giredi 11. Teremu yachiwiri itangoyamba, aphunzitsi anatiuza kuti sukulu singathe kutilembetsa tonse mayeso a sayansi chifukwa zipangizo zinali zochepa. Theka la kalasi lisiye phunziroli. Njira yosankhira anali ataipeza kale: Lachisanu lomaliza la mweziwo aliyense abwere ndi nyama yakeyake, aitsegule ndi manja ake, ajambule zimene waona. Wobwera chimanjamanja asalowe n'komwe m'chipinda cha sayansi.

Kwa ena imeneyo inali nkhani yoseketsa. Kwa ine inali nkhani ya moyo. Popanda phunziroli kusukulu ya unamwino sakanandilandira, ndipo unamwino ndiwo unali khomo lokhalo limene ndinkaliona, chifukwa kumeneko ankaphunzitsa, kudyetsa ndi kugoneka. Khomo limenelo likanatsekeka, chondidikira ndinkachidziwa bwino. Ndinkachiona tsiku lililonse m'manja mwa amayi, ong'ambika ngati chidendene.

Aphunzitsiwo ndimawaweruza mpaka lero, ndipo mlandu wake sindinaumalize. Kodi n'chilungamo kusankha ana potengera amene wapeza khoswe? Koma nawonso akanatani? Mabotolo a mankhwala anali atauma, chithunzi cha m'mimba mwa nyama chimene chinali pakhoma chinali chitafufuma moti chiwindi ndi mapapo zinali mtundu umodzi, ndipo malipiro awo sankafika pakati pa mwezi. Anali munthu wamtali, Mbemba wa kumigodi, wa jekete limodzi lonyezimira m'zigongono. Monga mwa chimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala wa Abemba ndi ife a kum'mawa, sankatha tsiku osatinyoza.

"Imwe ba kum'mawa musaniname ati mbeba yasowa," anatero. "Si ndiye ndiyo zanu? Bweletsani imozi chabe, yonse bwino, osati yoola."

Ife tinkayankha chapansipansi kuti ndiye iwo abweretse nyani, ndiwo ya kwawo, ndipo kalasi yonse inkafa nacho chiseko. Ine ndinaseka nawo tsiku loyamba lokha.

Ndinayamba kusaka. Achule kunalibe, popeza ngalande zonse zinali zitauma, mphepo ikungouluza fumbi ndi mapepala. Makoswe a m'nyumba mwathu anali atasamuka kalekale. Amalume ankati ngakhale khoswe ali ndi nzeru, sakhala pamalo posaphika. Ndinabwereka msampha n'kukautchera kuseri kwa chigayo. Unagwira, koma unaphwanya khosweyo pamimba penipeni, pamene ine ndinkapafuna. Wachiwiri anandipatsa mayi woyandikana nafe. Anali wophedwa ndi mankhwala, wotupa ngati mpira, ndipo aphunzitsi anamukana ndili patali, atagwira mphuno. Anyamata a m'kalasi mwathu ankapita ku dzala lalikulu la ku Chunga ndi timakola ta waya, n'kubwerako ndi makoswe amoyo. Nditapempha kuti ndipite nawo, amayi anakaniratu. Anati mwana wamkazi sapita kumeneko, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Masiku ankatha. M'kalasi ndinkangoyang'ana chitini chija pawindo.

Lachiwiri la mlungu womaliza ndinauza amalume. Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo ndakhala zaka zambiri ndisanavomere. Ndinangoti, "Amalume, aphunzitsi afuna mbewa. Nikapanda kupeleka, bazanichosa mu kalasi ya sayansi." Sindinanene kuti akuifunira chiyani. Ndinachita manyazi. M'nyumba imene nyama inalowa komaliza pa Khirisimasi, ndikananena bwanji kuti ndikufuna nyama yoti ndiing'ambe, ndiiyang'ane, ndiijambule, kenako ndiitaye? Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ine mwambiwu ndinkaudziwa, koma ndinkauyesa wa anthu ena.

Nkhope ya amalume inawala. Ndikuganiza kuti chitsekedwere fakitale, aka kanali koyamba munthu kuwapempha chinthu chimene ankachidziwa. Anakulira kumudzi cha ku Katete, ndipo pa zokumba mbewa ankadzitama kuti analibe mnzawo. Anabwereka khasu, ndipo Lachitatu mbandakucha ananyamuka wapansi kulowera kumafamu a kumadzulo kwa mzinda, kumene chimanga chinali chitakololedwa.

Lachinayi nditaweruka ndinathamanga njira yonse. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi amchere. Nsapato imodzi inali itatsala kumafamu, pamene agalu a mlonda anawathamangitsa, ndipo anayenda ulendo wonse wobwerera phazi limodzi lili pansi. Koma ankamwetulira. Analowetsa dzanja m'thumba la saka n'kutulutsa mpani, kamtengo kong'aluka pakati kaja, ndipo pamenepo panali mbewa zitandandalikana bwinobwino, zonenepa, mitu yonse kuloza mbali imodzi.

Zinali zotumbula. Anali atazifinya matumbo konko kuthengo monga amachitira wokumba aliyense kuti zisaole, n'kuziphika ndi mchere m'chitini, n'kuziwamba pamoto mpaka zitauma gwa. M'kati mwake munalibe kanthu, ngakhale kachiwindi.

"Ukapereke kwa aphunzitsi ako," anatero monyadira. "Mbemba ameneyo adziwe kuti ife timakonza ndiwo. Sindikanalola mwana wa mlongo wanga kunyamula zauve."

Iwo anamva kuti aphunzitsi ali ndi nkhuli. Nanga akanamva chiyani china? Masiku amenewo kalaliki ankafuna kenakake, wapachipata ankafuna kenakake. Mphunzitsi akati akufuna mbewa, munthu wa kwathu angaganize kuti akufuna kuona mmene matumbo ake anagonera?

Nditafotokoza, amayi anayamba kuseka. Anali atabwerako msanga ku miyala tsiku limenelo, atakhala pa mphasa motsamira khoma. Anaseka mpaka misozi, ndipo sanali kuseka ine, ankaseka tsoka lenilenilo. Koma ine mutu unali utazungulira. Ndinaponya mpani uja pansi n'kunena mawu amene ndikanakonda ndikanameza.

"Sekani! Ndiye chifukwa chake muzafela pa myala. Simuziba chilichonse, nonse babili!"

Chiseko chinaduka. Amalume anatola mpaniwo, naupukuta fumbi ndi malaya awo, naubwezera m'saka. Sanandiyang'ane. Patapita nthawi anati abwerera kumafamu pompo, koma tonse tinkadziwa kuti ndi phazi limenelo sakanafika n'kubwerako m'mawa usanakwane. Amayi sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinatuluka n'kuyamba kuzungulira komboni ngati wamisala. Ndinavundukula milu ya zinyalala kumsika ndi ndodo, ndinasuzumira m'mapaipi, ndinagwada kuseri kwa zimbudzi za eni ake mpaka mayi wina ananditukwana kuti ndine mfiti. Ndinapemphera mokweza, ine amene ndinkagona m'tchalitchi. Ndinauza Mulungu kuti sindikupempha nsapato kapena nyama, ndikupempha khoswe mmodzi yekha mu mzinda wodzaza makoswe. Ndinaona awiri, ndipo onse anandithawa. Dzuwa litalowa ndinabwerera ndili mbuu, yunifolomu ikununkha, ndipo palibe amene anandifunsa kanthu.

M'mawa wa Lachisanu ndinavala popanda chifukwa, kungoti ndisakhale m'nyumbamo. Ndikutuluka ndinapeza amayi ataima pakhomo, thadzi lija lili m'khwapa, miyendo yomanga ndi kansalu.

Amalume anadzuka pa mphasa. "Alongo, thadzi loikira sapha. Mawa mchere tiupeza kuti?"

"Mchere sulemba mayeso," anatero amayi. Anandipatsa nkhukuyo osandiyang'ana kumaso. "Ukabweze nyama yonse. Ngakhale matumbo, usakataye."

Ndikufuna kunena kuti ndinakana, kapena kuti ndinagwada n'kupepesa mawu adzulo. Sindinatero. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuyamba kuthamanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Amalume ananditsatira chotsimphina mpaka pamsewu, n'kundikankhira saka lija m'manja. Anati mbewazo anakonzera aphunzitsi, ndipo zipite kwa mwini wake.

Pakhomo la chipinda cha sayansi panali mzere, aliyense ndi kakhola kapena kathumba kake. Ena anaima patali opanda kanthu, ndipo ena mwa iwo anali anzeru kundiposa. Aphunzitsi ataona nkhuku anapukusa mutu.

"Nenze nakamba mbeba. Nyama yoyamwisa. Iyi ni nyoni, iwe."

Ndinagwada pa simenti pamaso pa kalasi yonse. Sindikukumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikukumbukira kuti ndinawauza za agalu, za nsapato, za dzira la mchere, ndipo pomaliza ndinatsegula saka n'kuwaonetsa mpani. Kalasi inaphulika ndi chiseko. Aphunzitsi anaukweza m'mwamba kuti onse aone, nati a kum'mawa sadzatheka, ukawatuma phunziro amakubweretsera ndiwo. Koma ataona kuti ine sindikuseka, anayang'ana thadzi lija nthawi yaitali.

"Nyamuka," anatero. "Nyoni nayo ili mu buku."

Nkhukuyo anakaipha okha kuseri kwa chipindacho. Ndinaisosola nthenga za pamimba, ndinaigoneka chagada pa thabwa, ndipo anandithandiza kukhomera mapiko ndi miyendo ndi timisomali. Kenako anatsegula chitini chija n'kundipatsa lezala.

Nkhuku ndinali nditatumbulapo, ngati mtsikana aliyense. Kunyumba umang'amba, kulowetsa dzanja, kukoka zonse nthawi imodzi, kusamala ndulu yokha kuti isaphulike. Dzanja langa linafuna kuchita zomwezo, ndipo aphunzitsi analigwira.

"Usadonse. Apa sitiphika. Konkha chabe kwamene chiyenda."

Ndinadula khungu pang'onopang'ono, ndinalitsegula mbali ziwiri, ndinadula nthiti ndi sizasi yobuntha. Fungo lofunda linakwera. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona zinthu zili m'malo mwake. Mtima unali waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, utakhala pakati pa mbali ziwiri za chiwindi. Mapapo anali ofiirira, omatirira kumsana. Ndinatsatira njira ya chakudya ndi chala kuyambira pakhosi. M'kathumba kosungira chakudya munali timiyala, gaga pang'ono ndi kachidutswa ka pulasitiki. Nalonso thadzi lathu linkagona ndi njala. Ndinatsika mpaka ku nthutumba, n'kutambasula matumbo pathabwa osadula paliponse. Zimene ndinaloweza zaka zitatu osazimvetsa zinangogwirana zokha m'mutu. Chilichonse chinali cholumikizana ndi chinzake, ndipo panalibe chimene chinangoikidwa.

Masiku ano ana anga amaphunzira zimenezi pa kompyuta, ndipo amati kupha nyama chifukwa cha phunziro ndi nkhanza. Sindiwatsutsa kwambiri. Ndimangowauza kuti chithunzi sichiterera, sichinunkha, ndipo ukachidula molakwika sichikha magazi. Manja anga anaphunzira kudekha tsiku limenelo, ndipo odwala ambiri apindula nako osadziwa kuti anawalipirira ndani.

Nditasuntha matumbo ndinaona mazira. Anali chimulu chomatirira kumsana, achikasu, opanda chikamba. Lalikulu linali ngati ndimu yaing'ono, lotsatira locheperapo, kenako ang'onoang'ono mpaka ena ngati njere za mapira, osawerengeka. Ndipo m'njira yake yoyera yopindikapindika munali dzira lathunthu, chikamba chikadali chofewa. Likanaikiridwa tsiku lomwelo.

Aphunzitsi anaitana kalasi yonse kuti isiye makoswe. Mawu awo anasintha, anakhala ngati a munthu amene wakumbukira chifukwa chimene anasankhira ntchito yake. Anaonetsa pamene dzira limayambira, pamene limavala choyera chake, pamene limavala chikamba. Anati tiyang'anitsitse, chifukwa mwina sitidzaonanso. Ine ndinajambula, misozi ikugwera papepala, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulira chifukwa cha kukongola kwake kapena chifukwa ndinkaona mchere wa mawa, wa mkuja ndi wa mwezi wamawa uli pathabwa.

Pomaliza anawerenga mayina a otsala m'kalasi. Langa linali lachitatu. Ndikukulunga nyama yanga m'nyuzipepala, ndinawaona akuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kulowetsa mpani wa amalume m'chikwama chawo cha mabuku. Sindinauze aliyense kusukulu. Amalume nditawauza anangoti, "Nanga ndinanama?" ndipo tsiku limenelo anadya bwino.

Amayi ndinawapeza kunyumba dzuwa lili pamutu. Sanapite ku miyala. Anali atagona pa mphasa pakhonde atafunda chitenje, ndipo ine ndinaganiza kuti andidikira kuti amve zotsatira. Ndinawauza kuti ndatsala m'kalasi. Anatseka maso kanthawi, milomo ikuyenda. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, nati ndibweretse beseni ndiwaonetse zimene ndaphunzira.

Ndinayala nkhuku ija m'beseni, ndipo ndinabwezera chiwalo chilichonse pamalo pake. Amayi anatumbula nkhuku zambiri pa moyo wawo kuposa zimene ine ndinaziona, koma anamvetsera ngati mwana wa Giredi 1. Ndinatchula mayina a Chingerezi mokweza kuti oyandikana nafe amve. Nditafika pa mazira aja ndi njira yake, anandigwira mkono.

"Nanga mwa munthu wamkazi, zimenezi zili pati?"

Ndinawaonetsa pamimba panga, m'munsi mwa mchombo. Ndinafotokoza za chiberekero monga zinalembedwera m'buku.

"Pamenepo pakamera chotupa, chimakhala pomwepo kapena chimayenda?"

Ndinati zimatengera mtundu wake. China chimakhala, china chimayenda ndi magazi n'kukafika ku chiwindi ndi kumapapo. Ndinawaonetsa ndi chala m'beseni mmene njira zake zimalumikizirana. Ndinali wonyada kuti ndikutha kuonetsa.

"Chikayenda, madokotala amachotsa?"

"Chikayenda ndiye kuti mochedwa," ndinatero. "Aphunzitsi anakamba kuti palibe vamene bangachite."

Anagwedeza mutu, nayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti unamwino amaphunzira zaka zingati, kuwerengera kuyambira tsiku limenelo. Nditawauza, anapinda zala m'chitenje mwakachetechete, ndipo sananene chimene anapeza. Anangoti ndikoleze mbaula, nyama ingaonongeke.

Amayi tinawaika m'manda mvula ya chaka chotsatira isanathe, ndisanalembe n'komwe mayeso aja. Kapepala ka kuchipatala konena za chotupa chawo ndinakapeza pambuyo pake m'Baibulo mwawo, ndipo tsiku lolembedwapo linali la mlungu womwe uja ndinkasaka makoswe. Adokotala anawauza m'Chingerezi, mwachangu, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo, ndipo iwo anabwera nazo kunyumba kudzafuna wowamasulira.

Koma masana amenewo ine sindinkadziwa. Ndinkapemerera makala ndikuimba, utsi ukundilowa m'maso. Ndinkayesa kuti amayi akundiyesa kuti aone ngati thadzi lawo lafera pachabe kapena ayi, ndipo mtima wanga unali mbee, chifukwa mafunso awo onse ndinali nditakhoza.